Ngongole ya ulusi ija

Atcheya: Mwaswera bwanji nonse. Ndalemba pano poti lachinayi ambiri simunabwere ndiye nkhani inathera m'malere. M'bokosi la banki mkhonde yathu mwatsala K140,000 yokha pomwe anthu 6 alembetsa kale ngongole ya feteleza mwezi wa mawa. Amene atsala osabweza ndi Amake Tadala. Anatenga K300,000 sabata yoyamba ya June, miyezi itatu yakwana, pano yafika K518,400, tikaonjezera faindi yojomba kawiri K2,000 yonse ndi K520,400. Tikufuna timve tsiku.

Amake Tadala: Atcheya K518,400 imeneyo mwaitenga kuti?? Ine mu July ndinapereka chiwongola dzanja K60,000 yathunthu, nde mukuwerengera ngati sindinaperekepo olo kobiri?

Atcheya: M'buku mulibe.

Amake Tadala: Mulibe bwanji? Afunseni alamu anuwo

Anachisale (msungichuma): Ine chonde musandilowetsemo, ndili kudimba

Abambo a Yamikani: Tiyeni tiike masamu poyera kaye tisanakwezane mtima. Ngati sanaperekepo, 300 imakhala 360, kenako 432, kenako 518,400, apo atcheya akunena zoona. Koma ngati 60 ya July inalowa ndiye ngongole inabwerera pa 300, August 360, September 432. Kusiyana kwake ndi K86,400. Ndiye tikukangana za K86,400 osati 60 yokha ayi.

Amake Tadala: Zikomo bambo. K86,400 imeneyo ndi imene akufuna kundidyera ndikuona. Ndinatumiza pa Airtel Money pa nambala ya Anachisale ndili ku Lilongwe pachionetsero, meseji ndili nayo, ndinawaimbiranso iwo nkuvomera kuti yafika

Anachisale (msungichuma): Yofika inafika inde sindikukana. Koma inu simunanene kuti ndi ya gulu. Muli ndi ngongole yanga ya matumba a kachewere aja munatenga mu February, ine ndinadziwa kuti mwayamba kubweza imeneyo

Amake Tadala: Eee Ambuye! Asisi kachewere uja ndi K45,000, ndingakutumizireni 60 ya chani? Chenji yake munandipatsa? Mwakhala chete miyezi iwiri yonseyi tikukhala pamphasa imodzi osanena kuti ndalama ija ndatenga ine

Anajere: Malamulo akuti ndalama pamphasa pamaso pa aliyense. Za pafoni tinakana kale chichitikire zija za chaka chatha. Basi.

Amake Tadala: Anajere inu malamulo mumawakumbuka akafika pa ine. March atcheya ali kuchipatala ndi mdzukulu anatumiza masheya awo pafoni yomweyo, analembedwa bwinobwino, munalankhula?

Atcheya: Aja anali matenda, gulu linavomereza. Inu munali ku bizinesi yanu.

Amake Tadala: Chabwino poti mwati bizinesi yanga ndiloleni ndifotokoze, paja ena mukuganiza kuti ndalamazo ndinadya. Ndinanyamuka pano ndi K300,000 yonse kukaoda ulusi ku Lilongwe, ndinagula mipukutu yoyera ndi yapinki ndi yabuluu ya zovala za makanda, yobiriwira ndi yamaruni ya majuzi a sukulu, singano zolukira, mabatani ndi timaliboni. Mitengo ndinaipeza yasintha, wa shopu akungoti dola mayi dola, ndipo inu nomwe mukudziwa chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chinthu chochokera kunja sichikhala mtengo umodzi masabata awiri. Ndalama imene kale inkadzadza chikwama cha shangani ulendo uno sinadzadze. Ndabwera nawo, June yense ine osagona, zala kuuma ndi kuzizira kwa kuno, ndikuluka pa tochi ya foni mwana wanga akundigwirira. Juzi limodzi la mwana wa sitandade 3 limanditengera masiku anayi, shawelo ya khanda masabata awiri ndikamapanganso zapakhomo. Kuchionetsero cha July tebulo lokha ndinalipira K25,000 masiku awiri, thiransipoti kupita ndi kubwera ndi katundu, kondakitala kulipitsa chikwama ngati munthu, kabaza, chakudya, kugona ndinakagona kwa achemwali ku Area 23 kuti ndisaononge. Tsiku loyamba anthu amangobwera kugwiragwira zipewa, kuvala, kudzijambula, nkubweza patebulo. Wina kufunsa mtengo wa juzi nditamuuza akuti mayi pakaunjika ndipeza awiri. Ndinagulitsa zipewa 4, seti imodzi ya khanda ndi mipukutu ingapo kwa amayi ena oluka okha. Pa ndalama yochepa yomweyo ndi pamene ndinachotsa 60 ija kuti gulu lisandione ngati wakuba, ine kubwerera kuno ndi ya minibasi yokha. Lero mukuti mulibe m'buku

Anajere: Zithunzi pa Facebook tinaziona mutavala bwino mutaima patebulo lodzadza. Sizinkaoneka ngati zavuta

Amake Tadala: Nde mumafuna ndijambulitse ndikulira? Malonda amafuna kuitanira amenewo. Tebulo linali lodzadza chifukwa katundu sanayende

Amake Tadala: Ndipo sindinamalize. Pobwera chikwama anachiika kumbuyo pafupi ndi chigubu, china chake chinatayikira, ulusi wofiira unasuluka nkuthimbiriritsa mashawelo awiri oyera. Ndachapa ndi sopo katatu, banga lili pomwepo lapinki pakati penipeni, angagule ndani wofuna kukatulutsira mwana kuchipatala? Masabata anayi a ntchito amenewo. Ndinayesanso ku Umhlangano kwa Nkolimbo ku Ntcheu, anthu anali ambirimbiri koma ndi September, dzuwa lili phwee aliyense akufuna madzi ozizira ndi mikanda, za juzi ndani. Ndinagulitsa madoyilo awiri ndi kachipewa basi. Ndikanadziwa bwenzi nditangoima pamsewu pa Lizulu kapena pa Chimbiya mu June momwemo anthu a m'mabasi akunjenjemera

Anaphiri: Pepani amake Tadala zimachitika pamalonda. Koma ifenso tikulira, mvula sidikira munthu. Ine ndinalembetsa 150 ya feteleza, chaka chatha ndinachedwa kuthira chifukwa cha nkhani ngati yomweyi chimanga chinangofiira

Atcheya: Ndi zimene ndikunena ine. Mavuto aliyense ali nawo. Tikayamba kumvera za mashawelo gulu litha.

Amake Tadala: Atcheya poti mwatchula mashawelo, ija munatengera mdzukulu wanu yabuluu ya maliboni K35,000 mpaka lero mwandipatsa 10 yokha. Anajere majuzi awiri a sukulu a anyamata anu aja anavala telemu yonse yozizira, K44,000, akuti ndikagulitsa nyemba. Nyemba munagulitsa ndinakuonani pamsika. Amake Chikondi mipukutu 5 yapinki. Ndikaphatikiza za m'gulu muno mokha zikupitirira K90,000. Ndalama ya gulu ili m'nyumba mwanu momwemo inu mukundikalipira ine

Anajere: Osandiyalutsa pagulu amayi inu! Za majuzi ndi za ine ndi inu. Komanso limodzi linatuluka manja aafupi mwana amangolivala mokakamiza

Amake Tadala: Munabwera ndi muyezo nokha pa chingwe cha sisalo, ine ndinaluka momwe munandipatsira

Atcheya: Ngongole za kuseri sizikhudza bokosi.

Amake Tadala: Eya! Mwanena nokha. Nde ya kachewere ikukhudza bwanji 60 yanga?

Abambo a Yamikani: Apa amayiwa afunsa funso labwino, liyankhidwe

Anachisale (msungichuma): Bambo inu nthawi zonse mumaima mbali yawo, tikudziwa. Ya mbuzi ija munaimanso chomwecho

Abambo a Yamikani: Ya mbuzi isiyeni, amfumu anaweruza ndipo ndinalipira. Ine ndikunena masamu

Agogo Nabanda: Ndi mdzukulu wawo ndikulemba, agogo akuti ana inu lekani kutukwanizana pafoni, akuti mlandu suwola mukumane lachinayi pakhonde mukambe mukuonana nkhope. Akutinso kiyi wawo wa bokosi ali naye asamawatumizire ana kudzatenga

Anaphiri: Ana kudzatenga kiyi?? Anatuma ana ndani?

Atcheya: Imeneyo ndi nkhani ina, ndinafuna kungoona mapasibuku basi ndipo sanandipatse.

Anaphiri: Bokosi kutsegula popanda gulu atcheya? Mmm

Atcheya: Silinatsegulidwe. Musandiike mawu m'kamwa. Zaka zinayi ndikutumikira gulu lino ulele, ndikuyenda ndi nsapato zanga kukatolera ngongole zanu, lero ndasanduka wakuba? Mukafuna sankhani wina ine ndatopa

Amake Chikondi: Palibe wanena kuti ndinu wakuba amayi. Ine mipukutu 5 ndikuivomera ndibweretsa ndalama yake loweruka. Koma poti tayamba kufunsa, ndalama ya sosho, yothandizira pa mavuto ija, ili bwanji? Maliro a apongozi anga gulu linapereka K10,000 pomwe kwa ena munapereka 20 ndi nkhuni

Anajere: Apongozi sali pa mndandanda, munawerenga nokha

Amake Chikondi: Ankakhala pakhomo panga zaka 7 ndikuwasambitsa ine

Anaphiri: Nanga zitenje za yunifolomu tinasonkha K8,000 aliyense mu April zili kuti? Ukwati wa kwa Bembeke tinapita aliyense chovala chake ngati si gulu

Anachisale (msungichuma): Zitenje anakweza mtengo ndinanena kale, ndalama ilipo

Amake Tadala: Tibwerere pa nkhani yanga chonde musaikwirire ndi zitenje. Ine ngongole sindikukana, K432,000 ndikuidziwa ndi yanga. Lachinayi ndibweretsa K150,000, ndagulitsa nkhumba yaing'ono ija dzulo mwamuna wanga sakundilankhula mpaka pano. Pansi pa bedi pali mipukutu 38 yosatsegula ili m'mapepala ake ndi singano mapeya 12, wofuna abwere aone, gulu likhoza kutenga ngati chikole. Pali oda ya majuzi a kwaya ndikudikira ayankhe. Koma K86,400 yoonjezerayo sindipereka ngakhale mubwere kudzazula malata

Anajere: Ulusi tikathira m'munda? Ife tikufuna ndalama. Ndime 9 ya malamulo athu ikunena poyera, katundu wa m'nyumba amene angagulike msanga. Mashini osokera aja alipo

Amake Tadala: Mashini ndi a malemu amayi anga, muwakhudze muone

Atcheya: Palibe akulanda kanthu lero. Bweretsani 150 yo, yotsalayo ndi K370,400 malinga ndi buku.

Abambo a Yamikani: Malinga ndi iwo ndi K282,000, faindi payokha. Atcheya musatseke nkhani isanathe. Anachisale angobweza 60 kubokosi ilembedwe pa July, za kachewere akambirane kuseri

Anachisale (msungichuma): Ndiitenga kuti pano? Inapita kale ku mankhwala a tomato. Komanso olo ndibweze, 26,400 yapamwambayo apereka ndani? Ine ayi

Amake Tadala: Inenso ayi

Anaphiri: Nde feteleza wathu zikhala bwanji abale

Amake Tadala: Alembi muli phee chiyambire. Lachinayi lotsatira nditabwera ku Lilongwe ndinakuuzani pamaso pa Amake Chikondi kuti 60 ndatumiza kwa msungichuma, inu munalemba ndi pensulo m'mbali mwa dzina langa mukuti mudzalemba ndi bolopeni ikafika pamphasa. Ndinaona ndi maso anga. Jambulani tsamba la July muike pano aliyense aone ngati pali pofufuta

Amake Chikondi: Za pensulo ndikukumbuka, koma zimene analemba sindinawerenge

Atcheya: Buku silijambulidwa, limaonedwa pamsonkhano.

Amake Tadala: Buku ndi lathu tonse. Alembi ndikudikira

Anaphiri: Wina amene akupita ku boma mawa andiuze ndimutume mbewu ya nyemba

Amake Tadala: Alembi meseji yanga mwaiwerenga ndikuona, 9 koloko yakwana tsopano