Ana akungoseka madokotala akale pa phunziro la yellow fever

Wa mbiri yakale: Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndikuphunzitsa ana a zaka 15 ndi 16 za mliri wa yellow fever (matenda otenthetsa thupi ndi kuchititsa chikasu) wa mumzinda wa Philadelphia ku America mu 1793, umene unapha anthu pafupifupi 5,000. Ndikangonena kuti Dr Benjamin Rush ankachotsa odwala magazi, komanso ankati matendawa achokera ku khofi wowola padoko, kalasi yonse kufa nako kuseka. Ati anthu akale anali mbuli. Zaka akuloweza, koma palibe chimene akutolapo.

Wa biology: Madamu, mwafulumira kuwauza kuti wofalitsa matendawa ndi udzudzu. Yambani mwabisa yankho. Apatseni zokhazo zimene anthu a nthawiyo ankaona: mliri unayambira kufupi ndi doko nyengo yotentha, ena osamalira odwala sankadwala, ndipo unazilala kutayamba kuzizira. Kenako afunseni kuti akanakhala iwo akanati chikupha anthu n'chiyani. Ambiri adzati mpweya woipa, ngati Rush yemweyo.

Wa mbiri yakale: Nanga udzudzuwo ulowe pati, achimwene?

Wa biology: Tsiku lachiwiri. Carlos Finlay wa ku Cuba anautchula mu 1881, koma anthu sanamumvere kwa zaka pafupifupi 20. Mu 1900 gulu la Walter Reed, dokotala wa asilikali a ku America, linagoneka anthu odzipereka pa zofunda zodetsedwa ndi masanzi a odwala, ndipo sanadwale. Amene anadwala anali ena mwa olumidwa ndi udzudzu. Musanawafotokozere, anawo apeze okha njira yoyesera. Auzeninso kuti Jesse Lazear, dokotala wa m'gululo, anafa nawo matendawa.

Mphunzitsi wamkulu: Ndikuvomereza, koma musasandutse phunziro la mbiri kukhala la sayansi. Rush ankakhulupirira kuti anthu akuda sangadwale, motero Absalom Jones ndi Richard Allen, atsogoleri a anthu akuda, anasonkhanitsa anzawo kuti azisamalira odwala ndi kuika maliro pamene olemera ankathawa mumzinda. Anadwala, ena anafa, pamapeto pake n'kunamiziridwa kuba. Nkhani imeneyi ana amakangana nayo mpaka belu kulira.

Wa biology: Zoona, bwana. Chenjeraninso, amasokoneza ndi malungo. Yellow fever imayamba ndi kachilombo ka vairasi, kofalitsidwa ndi udzudzu wa Aedes aegypti umene umaluma masana.

Wa mbiri yakale: Zikomo akuluakulu. Ndichita masiku atatu, lomaliza likhale la katemera wa Max Theiler wa 1937 ndi mliri wa ku Angola wa 2016, asaganize kuti zinatha kalekale.