Kapamba ndi chifu zikatupa chifukwa cha IgG4, tisiyanitsa bwanji ndi khansa?

Wophunzira zachipatala:
Akuluakulu, ndithandizeni. Bambo wa zaka zopitirira 60 akabwera maso ali achikasu koma osamva kupweteka, akuwonda, sikani ya CT n'kuonetsa kapamba (pancreas) wotupa, m'chifu muli chilonda chosamva omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'chifu), aliyense amathamangira kunena kuti ndi khansa. Nanga matenda a IgG4 (mtundu wina wa ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi) tiziwaganizira pati, ndipo amatsimikizika bwanji?

Dokotala wa matenda a m'mimba:
Kuyamba ndi khansa n'koyenera, ndiyo yofala. Koma sikaniyo muiyang'anitsitse. Pa IgG4, chitetezo cha m'thupi chimaukira ziwalo za mwini wake, ndiye kapamba amafufuma yense ngati soseji, atazunguliridwa ndi kamkombero, ndipo kanjira kake kam'kati kamapanikizika. Khansa imatseka malo amodzi, kanjirako n'kutambasuka kumbuyo kwa chotupacho. Chikasu chimabwera poti njira ya ndulu yafinyika. Gwiraninso pansi pa chibwano ndi m'zikope: tiziwalo totulutsa malovu ndi misozi tikatupa mbali zonse ziwiri, n'chizindikiro champhamvu. Impso nazo muzione pa sikanipo.

Ofufuza a ku Japan ndiwo anaonetsa mu 2001 kuti IgG4 imakwera m'magazi mwa odwalawa. Malire ake ndi 135 mg/dL, koma musadalire nambala yokhayo. Mwa anthu 10 a khansa ya kapamba, pafupifupi mmodzi imamukwereranso, pomwe ena odwaladi IgG4 imakhala pamlingo wake. Ikapitirira 270 m'pamene imayamba kukhutiritsa.

Wa ku labotale:
Za m'chifuzo, vuto limakhala kanyama komwe timalandira. Matendawa amakhazikika m'kati mwa khoma la chifu, pomwe kachitsulo ka endoscopy (chipangizo choonera m'chifu) kamangotsina pamwamba, ndiye zotsatira zimangoti "kutupa wamba". Tengani tinyama tingapo m'mphepete mwa chilonda, mozamirapo, ndipo mulembe papepala kuti mukukayikira IgG4, apo ayi sitipaka utoto wake. Timafuna maselo a plasma (opanga ma antibody) okhala ndi IgG4 opitirira 10 pamalo amodzi owonedwa pafupi ndi maikulosikopu, akhalenso oposa 40 peresenti ya onse a IgG (gulu lonse lomwe IgG4 ilimo), kuphatikizapo zipsera zolukanalukana ndi timitsempha ta magazi totsekeka. H. pylori, kachilombo koyambitsa zilonda za m'chifu, muyezeretu.

Wa ku famase:
Khansa ikachotsedwa pamndandanda, osati isanachotsedwe, wodwala amayamba prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa ndi mphamvu ya chitetezo) 0.6 mg pa kilogalamu patsiku, nthawi zambiri 30 mpaka 40 mg, kwa masabata 2 mpaka 4, kenako muzichotsa 5 mg sabata iliyonse kapena awiri. Pakatha masabata awiri jambulaninso. Ngati kapamba sanaphwe, bwererani ku khansa msanga, musawonjezere mankhwala. Kungoti wodwala akumva bwino si umboni, chifukwa prednisolone amatsitsimula ngakhale wa khansa.

Kwathu kuno, chonde, musayambe musanayeze TB, HIV ndi hepatitis B. TB nayo imatupitsa kapamba, ndipo mukaipatsa prednisolone yekha imayaka. Shuga muziyeza pafupipafupi, poti kapambayo ndi wofooka kale. Muwauze odwala asasiye mankhwala mwadzidzidzi, BP imatha kugwa koopsa. Matendawa amakonda kuyambiranso, makamaka akakhudza njira ya ndulu, ndipo zikatero amapatsidwa mankhwala ena ochepetsa mphamvu ya chitetezo, azathioprine kapena rituximab; rituximabyo ndi 1 g kawiri motalikirana masabata awiri.