Ndiotcheretu kapena ndilambule? Moto wayamba kale m'mapiri a Mchinji

Bambo a Mapasa:

Moni nonse. Ndimakhala m'tsinde mwa mapiri a Mchinji, chakuno kwa Mlonyeni. Kumtunda kwa munda wanga ndili ndi kankhalango: bulugama amene ndinabzala zaka zinayi zapitazo, komanso misuku ndi mombo zimene ndinangozisiya kuti ziphukire pazitsa. Chaka chatha mu Okutobala moto unatsika kuphiri dzuwa lili paliwombo, ine ndili kumaliro. Pobwera ndinapeza mzere wonse wakumtunda uli bii, ming'oma yanga iwiri ya njuchi yapsa, ndipo mitolo 30 ya udzu umene mayi akunyumba anamweta wofolera khitchini yasanduka phulusa. Mayiwo sanandiyankhule masiku awiri, ngati ndinayatsa ndine.

Chaka chino kwatentha msanga. Seputembala sanathe koma tsekera wauma kale gwa. Usiku ukayang'ana kuphiri umaona kamzere kofiira kakuyenda pang'onopang'ono, m'mawa n'kupeza timaphulusa ta udzu pa zovala zoyanika ndi m'ndowa ya madzi akumwa.

Alamu anga akuti ndiotcheretu udzu wozungulira nkhalangoyo kuti moto wakuphiri ukafika upeze lupsa. Kodi nditero? Kulambula ndi khasu ndikukudziwa, koma malowo ndi amiyala, aganyu akutchula ndalama zimene ndilibe, ndipo za soya zinatha kalekale.

Mlonda wopuma, Kasungu:

Bambo a Mapasa, chonde machesiwo abwezereni m'thumba. Alamu anuwo sakunama, kungoti mwezi wake unapita. Kuotcheratu kumachitika mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitse, mame akadagwa. Moto wa nthawi imeneyo umayenda chokwawa, umangonyambita udzu, ndipo usiku umazima wokha. Wa Seputembala ndi Okutobala ndi chilombo china.

Ine ndinagwirapo ntchito yolondera mitengo ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000, ndipo chimene ndinaphunzira kumeneko ndi chakuti moto umathamanga pokwera phiri kuposa potsika. Lawi limaweramira ku udzu wakumtunda n'kuuwamba lisanaufike, ndiye ukangokhudzidwa umangoti lawilawi. Ankatiphunzitsa kuti chitunda chikakwera ndi madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza kawiri. Tsono inu muli m'munsi. Mukayatsa, mphepo n'kutembenuka pang'ono, moto wanu ukwera kulowa m'nkhalango ya boma inu mutagwira kanthambi m'manja. Lamulo la zankhalango la 1997, limene analikonzanso mu 2020 n'kukweza zilango, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa, ndipo kukhoti kukaima inu, alamu ali phee kunyumba.

Lambulani basi. Mpata wake usachepere mamita 5, ndipo mbali yoyang'ana kuphiri, kumene tsekera ndi wamtali kuposa munthu, wonjezerani. Udzu wolambulawo musauunjike m'mphepete, mukatero mwaukonzera moto mlatho. Bulugama musadzireni nthambi zam'munsi ndipo musese masamba ake ouma, ali ndi mafuta, amayaka ngati mwathira palafini. Misuku ndi mombo zikuluzikulu zimapirira, koma mphukira zanuzo zikapsa chaka ndi chaka zidzakhala zitsamba mpaka kalekale.

Komanso musaiwale kuti Bua amene amadutsa kwathu kuno amachokera m'mapiri anuwo. Kumtunda kukapsa, mvula yoyamba imakokolola dothi, ife kuno timalandira matope.

Mayi a ku Kamwendo:

Pepani ndi njuchi zanu bambo. Koma tisazungulire, oyatsa timawadziwa: ndi anyamata osaka mbewa. Amatentha tchire lonse kuti aone mauna, akagwira mbewa khumi basi ulendo kumsewu kukagulitsa, moto ausiya ukupita. Kwathu tinatopa nazo. Amfumu anaitanitsa msonkhano, tinagwirizana kuti woyatsa tchire alipire mbuzi, akakhala mwana alipire makolo ake. Mbuzi ziwiri zitapita, ana anayamba kukumba mbewa popanda moto. Tinapachikanso chitsulo chakale cha galimoto pa mtengo wa mango, chikalira masana aliyense amadziwa kuti ndi moto, amathyola nthambi yaiwisi n'kuthamanga. Pitani kwa amfumu anu, nokha simungathe.

Mnyamata wa kabaza:

Amayi, mbewazo mumagula ndinu nomwe, ndiye tisanyozane kwambiri. Inde anzathu ena amalakwitsa, sindikukana. Koma nanga ootcha makala amene amafukula uvuni usanazizire? Ofula njuchi amene amataya muuni uli chiyakire? Oweta ng'ombe ofuna msipu? Ndipo mwezi uno aliyense akusosa, akutentha mapesi masana mphepo ili kuwomba. Moto umene unatentha chigafa cha amalume anga unachokera m'munda mwa mkulu wa mpingo, koma pa bwalo anatchulidwa ndi ana a mbewa, poti ndi amene alibe pakamwa.

Mlonda wopuma, Kasungu:

Mnyamatayu wanena zoona, ososa amayambitsa moto wambiri. Ndiwonjezere chimodzi chimene ndinaiwala, chifukwa amayi atchula zothamangira kumoto. Musamauthamangire kutsogolo kwake, muziumenya cham'mbali ndi cham'mbuyo, nthambi ikusesera m'kati mwa popsa kale. Ukakupanikizani musathawire kumtunda, ukupezani. Lowani pa lupsa, pamene wadutsa kale. Ana ndi ovala nsalu za nayiloni asayandikire. Ndipo ngakhale mwalambula, kamvulumvulu wa masana amatha kunyamula udzu woyaka n'kuuponya tsidya lina la mpata, choncho tsiku limene kuphiri kukufuka pakhale munthu pamalopo.

Bambo a Mapasa:

Zikomo nonse. Ndachedwa kuyankha, netiweki kuno mpaka ukwere pachulu.

Sindinayatse. Za aganyu ndinazisiya, mayi akunyumba anaphika thobwa ndowa ziwiri, tinapha tambala, ndinaitana dima monga ankachitira makolo. Anabwera anthu 11, alamu aja ali m'gulu, akung'ung'udza kuti ntchito ya machesi amodzi tikuthyolera makasu. Makasu awiri anathyokadi pamiyala, limodzi la iwo omwe. Talambula mbali yakuphiri ndi yakum'mawa, poyeza ndi mapazi anga ndi mayadi asanu ndi limodzi, pena asanu ndi awiri. Pansi pa bulugama tinasesa milu ya masamba yofika m'chiuno, ndinachita mantha poganiza kuti zonsezo zinali kudikira moto. Tazikokera kudambo, ndizikwirira zikhale manyowa.

Amayi a ku Kamwendo, kwa amfumu ndinapita. Akuti nkhani ya mbuzi ayiika pa msonkhano wa Lamlungu, ngakhale anaseka poti mdzukulu wawo ndi katswiri wa mbewa. Iwe wa kabaza, za osowa pakamwazo ndikazinena pa bwalopo.

Yatsala mbali yakumadzulo, tipitako Loweruka. Udzu wofolera chaka chino tausanja pakati pa bwalo, patali ndi mpanda. A Mlonda, ming'oma itatu yotsalayo ili pa msuku wa m'mphepete penipeni. Ndiisamutse usiku, kapena ndingopalira pansi pake?