Manambala ofiira pa mitengo ya kunkhalango yathu

Nabanda: Abale taonani chithunzi chomwe alamu anga anditumizira mmawa uno kuchokera kwa Mwansambo. Mitengo ya kunkhalango yathu kuseri kwa manda kuja ayilemba manambala ndi penti yofiira, misuku ndi mitondo yomwe, ina akhomamo timalata. Akuti kunabwera anyamata ndi matepi, anakumbanso dothi nkulongedza mmajumbo. Anthu kumudzi akuti nkhalango yagulitsidwa. A wapampando tiuzeni zoona

Achimwene a ku Joni: Ndinanena ine. Yagulitsidwa kwa ndani, ndalama zingati, walandira ndani?

Aphunzitsi: Tadekhani kaye ana anga. Ndayankhula ndi a mfumu pafoni, palibe wagula mtengo ngakhale umodzi. Amenewo ndi ophunzira, akufufuza za mpweya wa kaboni. Masana masamba amakoka kaboni dayokisaidi mumlengalenga, ndi mphamvu ya dzuwa mtengo umausandutsa thunthu, nthambi ndi mizu, moti mukaumitsa mtengo nkuuika pa sikelo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Koma mtengo womwewo umapumanso nkubweza wina usana ndi usiku, dothi nalo limatulutsa masamba akamaola, chiswe chikamadya. Ndiye funso lawo ndi loti chaka chikamatha nkhalango yameza wambiri kapena yabweza wambiri. Nchifukwa chake akumba dothilo. Tepi amazunguliza thunthu pa mita 1.3 kuchokera pansi, nambalayo ndi yoti akadzabweranso adzapeze mtengo womwewo aone kuti wanenepa bwanji. Kwina amachita kumanga nsanja yaitali kupitirira mitengo, pamwamba makina oyeza mphepo ndi mpweya kakhumi pa sekondi imodzi. Ku Mongu ku Zambia anaimika yotere munkhalango ya mitengo ngati yathu yomweyi.

Nabanda: Zamveka bambo koma bwanji sanayitanitse msonkhano? Amayi anga aopa kukatola bowa chaka chino poganiza kuti awamanga

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi musatiphimbe mmaso. Kaboni ndi ndalama, tonse timamva pa wailesi. Munthu sangachoke ku Lilongwe kudzayeza msuku ulele

Aphunzitsi: Ndalama za kaboni zilipo achimwene, sindikukana. Tani imodzi ya kaboni dayokisaidi yomwe sinapite mumlengalenga ndiye amaigulitsa kwa makampani akunja omwe amatulutsa utsi wambiri. Pulojekiti ya Kulera, yoteteza nkhalango nkugulitsa kaboni, inakhudza midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi nkhalango yathu yaikulu ya Nkhotakota, ndiye si zachilendo kuno. Koma palibe angakulipireni musanayeze, ndipo amalipira nkhalango yoimirira, osati zitsa. Ife chaka chilichonse September akafika anyamata osaka mbewa amayatsa, masamba ofiira aja angophukira kumene, timitengo tatingono tonse psiti. Tani imodzi ya kaboni yomwe ili mumtengo ikapsa imatulutsa matani 3.67 a kaboni dayokisaidi, zomwe nkhalango yasunga zaka zambiri zimatha tsiku limodzi. Ine chomwe ndikufuna ndi chakuti ophunzirawo asapite ndi zotsatira zawo osatisiyirako pepala. Manambalawo akhale athu, tsiku lomwe kampani idzabwere ndi mafomu tidzadziwe chomwe tili nacho tisanadinde chala.

Bambo a Chisomo: Pepala lisungidwe ndi ndani? Komiti yomweyi? Ndalama za nazale tinasonkha zija zili kuti? Machubu sanagulidwe, makeni tinaona awiri okha, mpaka lero lisiti palibe

Msungichuma: Bambo a Chisomo ndakuuzani kangati kuti zina zinapita kumaliro a agogo aja ndipo munavomera nokha mugulu muno. Fufuzani mauthenga akale

Bambo a Chisomo: Tinavomera bokosi basi, osati zonse

Nabanda: Inenso ndinatumiza zanga pa Mpamba ana akusowa fizi, mbande sindinaone ngakhale imodzi. Zimawawa

Aphunzitsi: Za nazale zikambidwe, inenso ndinasonkha ndipo ndikufuna buku lija lionekere poyera. Koma tisasakanize. Dziko lathu linalonjeza mu 2016 kuti pofika 2030 libwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga, ndipo mitengo yachilengedwe ngati yathuyi sifuna nazale kwenikweni, imaphukira yokha pachitsa mukangoiteteza kumoto ndi nkhwangwa. Tikanalambula njira zotchinga moto mu May muja bwenzi tili patali.

Achimwene a ku Joni: Nkhwangwa zake za ndani? Tinene mosabisa, matumba a makala amatuluka usiku panjinga ndipo ena mugulu muno ndi abale awo

Mayi a Tadala: Mukunena mwana wanga achimwene, tchulani dzina. Inu muli kunja mukudya bwino, kuno thumba la fetereza mukudziwa mtengo wake? Mwana adye mpweya?

Achimwene a ku Joni: Sindinatchule munthu ine

Mayi a Tadala: Mwatchula. Ndipo denga la nyumba yanu milimo yake inachokera nkhalango yomweyo, tonse tinaona ngolo

Aphunzitsi: Mayi a Tadala akunena zoona pa njala, ndipo ndalama ya kaboni ikadzabwera oyamba kuganiziridwa akhale omwe akusiya uvuni, apo ayi sasiya. Zimenezi zilembedwe mumgwirizano.

Wapampando: Ndangotsegula data. Loweruka tikumane kwa a mfumu, ophunzirawo ndiwaitana adzafotokoze okha. A msungichuma mubwere ndi buku

Msungichuma: Buku lili ndi a mlembi akale, ine anandipatsa masamba awiri okha

Bambo a Chisomo: A mlembi akalewo anatuluka mugulu chaka chatha. Ali ndi nambala yawo ndani?