Ana anga a Fomu 4 akuti Kino ndi mmwenye wadyera, ndiyambire pati pa The Pearl?

Madamu Nachisale, Dedza

Aphunzitsi anzanga a English, ndithandizeni nzeru. Ndangomaliza kuchonga mayeso a pakati pa teremu, ndipo funso la The Pearl, buku la John Steinbeck, landisowetsa tulo. Ndinawafunsa kuti afotokoze momwe anthu amphamvu a m'tauni ya La Paz amaponderezera anthu a mtundu wa Kino, msodzi wa ngale amene ndi mwini nkhani m'bukuli. Pa ana 84, oposa theka alemba za dyera basi. Dokotala ngwadyera, wansembe ngwadyera, ogula ngale ngadyera, ndipo Kino ndiye wadyera woposa onse, mwana wake anafera dyera la bambo ake. Funso silinafunse zimenezo.

Koma pepala limene landikhudza kwambiri ndi la mtsikana wina wanzeru, wokhala desiki yakutsogolo. Walemba kuti sakumvetsa chifukwa chimene dokotala anakanira kuchiza Coyotito, mwana wa Kino, chikhalirecho amwenye ndalama amakhala nazo. Ndinamuitana pa nthawi yopuma. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Madamu, si buku likuti Indian?" M'mutu mwake Kino ndi m'bale wa eni mashopu a ku Limbe. Nditafunsa kalasi yonse kuti ndani amaganiza chimodzimodzi, manja anakwera ambiri. Ena akuti nkhaniyi ikuchitika ku America pakati pa azungu ndi anthu akuda, poti Steinbeck ngwa ku America. Mabuku ndili nawo 11 okha, ndipo MSCE yayandikira. Mlandu ndi wanga, ndinathamangira nkhani osayala maziko. Ndikonze bwanji?

A Mbewe, Mchinji

Madamu, musadziweruze kwambiri, liwu limenelo lasokeretsa ana ambiri. Yambani ndi mapu, kabwerekeni kwa a Geography. Aonetseni India, kenako muyendetse chala mpaka ku Mexico, pa kamtunda kakatali kopyapyala ka Baja California. La Paz ili pamenepo, m'mphepete mwa Gulf of California. Auzeni kuti Columbus atafika kutsidyako mu 1492 ankaganiza kuti wafika ku Indies, ndiye eni nthaka onse anapatsidwa dzina lolakwikalo. Kino ndi mwini nthaka, makolo ake analipo anthu a ku Spain asanafike.

Kenako achitireni masamu pa bolodi. Buku limati mtundu wa dokotala wakhala ukumenya, kubera ndi kunyoza mtundu wa Kino kwa zaka pafupifupi 400. Likulu la a Aztec ku Mexico linagwa m'manja mwa Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain, mu 1521, ndipo Cortés yemweyo anafika ku gombe la La Paz mu 1535. Ana awonkhetse okha. Mexico inalandira ufulu mu 1821, koma dokotala uja akadali mkati mwa mpanda, Kino akadali kunja. Mwana wa kuno amene amadziwa kuti 1964 sinagawe minda ya tiyi ku Thyolo amaimva msanga mfundo imeneyi. Steinbeck ngwa ku Salinas ku California, zoona, koma nkhaniyi anaimva ku La Paz komweko mu 1940 ali paulendo wa panyanja ndi mnzake Ed Ricketts, ndipo buku linatuluka mu 1947.

A Jere, Mzimba

Ine ndichenjezeko pang'ono. Dyera lilimo m'bukumo ndipo mafunso ake amabwera. Tikawauza ana kuti yankho la dyera n'lolakwa, pa mayeso adzazizidwa. Komanso tisamuyeretse Kino. Anamenya mkazi wake pagombe, anapha anthu anayi.

Madamu Nachisale, Dedza

Zoona a Jere, sindikufuna kulichotsa. Chondipweteka n'choti ana akuika dyera la dokotala ndi khumbo la Kino pa sikelo imodzi. Munthu amene akufuna ukwati wa kutchalitchi, zovala, mkondo wophera nsomba, mfuti ndi sukulu ya mwana wake, iwo akumutcha wadyera mofanana ndi munthu amene anakana kuona khanda lolumidwa ndi chinkhanira.

Madamu Namagetsi, Zomba

Achemwali, mabuku 11 akukwanirani ngati mutachita zimene ndimachita ine ndi chaputala 1. Sindiwerengetsa kalasi yonse, timachita sewero pa chitseko cha kalasi chenichenicho. Mwana mmodzi amakhala mkati pampando wa aphunzitsi, kapu m'manja, ameneyo ndi dokotala. Wina amaima pachitseko, ndi wantchito. Ena onse ndimawatulutsa panja padzuwa: Kino, mkazi wake Juana atanyamula chitenje chokulunga ngati mwana, anansi, ndi opemphapempha anayi aja a pakhomo la tchalitchi. Amene ali ndi mabuku amawerenga mokweza, enawo akuchita.

Pali tinthu titatu timene ndimaumirira kuti tichitike ndendende monga buku likunenera. Kino akamagogoda ndi dzanja lamanja, lamanzere likuvula chipewa. Mtima uli chithupsa ndi mkwiyo, koma dzanja likupereka ulemu lokha, popanda womuuza. Ndimawafunsa kuti dzanja limeneli linaphunzira kuti zimenezi? Pamenepo ngale yaikulu imene Kino adzapeze ija sinapezeke n'komwe, ili ku chaputala 2. Ndiye dyera la ngale silingafotokoze chipewacho.

Kachiwiri ndi chilankhulo, ndipo apa ndi pamene kalasi imakhala chete. Wantchito uja ndi wa mtundu wa Kino. Kino akumulankhula m'chilankhulo cha makolo, iye akukana kuyankha m'chilankhulocho, n'kukankhako chitseko. Akabwerera kuchokera kwa bwana wake kudzafunsa za ndalama, m'pamene akulankhula cha makolo. Ine ndimauza Kino kuti alankhule Chichewa, wantchito ayankhe Chingerezi chouma, kenako pofunsa ndalama atsikire ku Chichewa chapansipansi. Chaka chatha mnyamata amene ankachita wantchitoyo atatseka chitseko anangoima chogwira chitseko chili m'manja, osatembenuka. Nditamufunsa anati, "Madamu, ndachita manyazi." Ndinamutsegulira tsamba n'kumuonetsa kuti Steinbeck akunena zomwezo, kuti wantchitoyo anatseka geti mofulumira chifukwa cha manyazi.

Kachitatu ndi mawu a dokotala mkatimo, pamene akunena kuti iye si dokotala wa ziweto. Anthu apanja sakumva, koma owerengafe tikumva. Wavala mkanjo wofiira wa silika wochokera ku Paris, akumwa chokoleti m'kapu yopyapyala ngati chigoba cha dzira. Kino wadya mkate wa chimanga m'nyumba ya timitengo, ndipo ali ndi tingale 8 tosaoneka bwino tokulungidwa m'kapepala. Funsani ana kuti dokotala anayamba kunyoza asanaone tingaleto kapena ataona. Akabwerera m'buku apeza kuti chipongwe cha ziweto chinatuluka asanafunse n'komwe za ndalama.

A Mbewe, Mchinji

Zimenezo nditengako Madamu. Ine pambuyo pake ndimajambula makwerero pa bolodi, n'kupatsa gulu lililonse mayina pa timapepala: dokotala, wansembe, ogula ngale, wantchito, Kino, Juana, opemphapempha, alenje otsata mapazi aja amene akusaka Kino kumapeto kwa buku. Lamulo n'lakuti sungaike munthu pa sitepe popanda kutchula chaputala ndi chochitika.

Madamu Namagetsi, Zomba

Makwerero ndi abwino, koma musalole kuti akhale osalala. Phindu lili pa anthu amene akuvuta kuwaika. Wantchito ali pamwamba pa Kino kapena pansi? Amadya za m'nyumba ya miyala, koma Kino ali ndi bwato lakelake limene agogo ake anabwera nalo kuchokera ku Nayarit, dera lina la ku Mexico. Ogula ngale nawonso si mabwana enieni, buku likuti wogula ndi mmodzi yekha wokhala ndi manja ambiri, enawo ndi olembedwa ntchito. Ndiye sitepe yapamwamba penipeni ili ndi munthu amene sitimuona n'komwe. Nanga Juana? Popita kukagulitsa ngale akuyenda pambuyo pa mwamuna wake. Anayamwa ululu pabala ndi iye, anaona msanga kuti ngaleyo iwawononga ndi iye, koma atafuna kuitaya anamenyedwa kumaso n'kupondedwa m'nthiti. Kino amene anavula chipewa pa geti ndi yemweyo amene akuponda mkazi wake pagombe. Apa a Jere akunena zoona. Pobwerera kuchokera ku mapiri, mwana atafa, akuyenda moyandikana, phewa ndi phewa. Atsikana amaiona msanga mfundo imeneyi kuposa anyamata.

A Chirwa, Kasungu

Ine ndilowe pa chaputala 4, chifukwa ana a kuno ndi ana a alimi ndipo sachedwa kuimva. Lembani mitengo pa bolodi. Wogula woyamba akuti mapeso 1,000. Kino akuti ngaleyo ndi ya 50,000. Akuitanidwa ena atatu ngati oti apereke maganizo awoawo: wina akukana kutchula mtengo, wina akuti ndi yofewa siikhalitsa, wachitatu akuti 500. Kino atanyamula ngale yake kuti azipita, mtengo ukukwera kufika 1,500. Ndimafunsa kuti, katundu wachabechabe amakwera mtengo mwini wake akamachoka? Ana amaseka, chifukwa anaonapo mavenda a soya akuchita zomwezo pa sikelo. Aonetseninso kandalama kachitsulo kamene wogula uja ankakayendetsa pa zala kuseri kwa tebulo. Ataona ngale kanamupulumuka n'kugwera pamiyendo, nkhope ili phee. Zala zinaulula zimene pakamwa panabisa.

Koma chimene chimayankha funso lanu mwachindunji, Madamu Nachisale, ndi zimene Kino ndi mkulu wake Juan Tomás akukambirana panjira. Kalekale asodzi a ngale anasonkhanitsa ngale zawo n'kutuma munthu kuti akagulitse ku likulu. Sanabwerere. Anatumanso wina, nayenso anasowa. Wansembe anawalalikira kuti chimenecho chinali chilango chifukwa chofuna kuchoka pa malo amene Mulungu anawaika, kuti munthu aliyense ali ngati msilikali wopatsidwa malo ake oti alondere, ndipo ulaliki umenewu umabwerezedwa chaka ndi chaka. Ndiye mwana amene walemba kuti Kino analangidwa chifukwa chosakhutira ndi zimene anali nazo, wabwereza ulaliki wa wansembe uja osadziwa. Ine ndimawawerengera ndime imeneyo kenako ndimawabwezera mapepala awo kuti adziwerengere okha. Sindimawanyoza, ndimangowafunsa kuti mawu amenewa mwawamva kwa ndani m'bukumu.

Nkhani ya tchalitchi muigwire mosamala, m'kalasi muli ana a mipingo yosiyanasiyana. Tikukamba za wansembe wa m'bukuyu ndi zimene akuchita.

A Jere, Mzimba

Pamenepo ndagwirizana nanu a Chirwa. Ndiwonjezere za sukulu ya Coyotito, poti ana amangoilemba pa mndandanda wa zofuna za Kino ngati nsapato. Ilumikizeni ndi kubwera kwa dokotala mu chaputala 3. Mwana anali atayamba kale kupeza bwino. Dokotala akumupatsa ufa woyera, akuti abweranso pakatha ola, mwana akudwala, iye akubwera kudzamuchiritsa ndi madontho a ammonia. Kino akukayikira, koma sangatsutse chifukwa sadziwa zolembedwa m'mabuku. N'chifukwa chake akufuna mwana wake adzawerenge. Limeneli si dyera lofanana ndi la dokotala, Madamu mwanena zoona.

Pempho langa n'lakuti za mavenda ndi za ku Thyolo zithere m'kalasi. Pa pepala la mayeso umboni uchokere ku La Paz. Ndipo kwa ana anu akuthwa, afunseni ngati Steinbeck mwiniyo sakuwayang'ana anthu a Kino ali chapatali. Kangapo amafanizira Kino ndi nyama, alenje aja amawafanizira ndi agalu osaka. Dokotala akatero timati chipongwe. Wolemba akatero tinene kuti chiyani? Ine ndimaona kuti amawamvera chisoni ndithu, koma sawapatsa mpata wokwanira wodzifotokozera okha.

Madamu Nachisale, Dedza

Ndabwera kudzapereka lipoti. Lolemba tinachita mapu ndi masamu a zaka 400. Lachitatu tinachita sewero la pachitseko, ndipo mtsikana uja ndinamupatsa kukhala Juana. Chitseko chitatsekedwa, mnyamata wochita Kino anavala chipewa chake pang'onopang'ono n'kumenya chitseko mpaka a hedi anasuzumira. Pa makwerero mkangano waukulu unali wa alenje. Gulu lina linawaika pamwamba pa Kino poti akumusaka, lina linati awiri oyenda pansi aja ndi osauka anzake, wamphamvu ndi wapakavalo amene wanyamula mfuti. Sindinagamule, ndawapatsa kuti alembe.

Dzulo ndinabwereza funso lomwe lija, ndime imodzi yokha. Mtsikana uja walemba za chipewa ndi za chilankhulo cha wantchito, n'kumaliza ndi kuti dokotala alibe dzina m'buku lonse, wansembe alibe, ogula ngale alibe, pomwe a m'nyumba za timitengo ndiwo ali ndi mayina. Zimenezo sindinawaphunzitse. Ana 20 ndi kanthu akadali pa dyera lokhalokha, ambiri mwa iwo ndi amene sanagwirepo buku m'manja, ndiye ndakonza zoti mabuku 11 aja azigona kwa iwo mosinthana mpaka Lachisanu la mawa. A Chirwa, ndime ya ulaliki ija ndiichita Lolemba. Kodi mumawabwezera mapepala musanawerenge ndimeyo kapena mutawerenga?

A Chirwa, Kasungu

Mutawerenga, Madamu. Ndipo awerenge anyamata awiri, wina Kino wina Juan Tomás, akuyenda kuchokera kumbuyo kwa kalasi kubwera ku bolodi.