Bungwe lachoka, komiti ikuti tizilipiritsa pakhomo pa laibulale. Nditani anzanga?

NaBanda (laibulale ya dera, Ntcheu):
Mwaswera bwanji anzanga a ntchito ya mabuku. Bungwe lomwe limatithandiza zaka zisanu latseka pulojekiti yake nde pano tilibe olo kakhobidi. Mabuku alipo mashelefu tho, koma mlonda sanalandire miyezi iwiri, mayunitsi a magetsi ndikugula ndi ndalama ya mthumba mwanga, nyuzi tinasiya, ndipo chiswe chayamba kona ya kumbuyo komwe kuli mabuku a sayansi. Ana a Fomu 4 amadzadza madzulo aliwonse poti kwawo kulibe nyali. A komiti akuti tiyambe kulipiritsa aliyense wolowa. Mtima wanga ukukana ndithu. Inu kwanuko mumatani?

aPhiri (sekondale, Kasungu):
Amayi musayerekeze zolipiritsa ana. Kuno kwathu ku Wimbe, William Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2002, nde amakakhala mu kalaibulale kakang'ono nkumawerenga mabuku a sayansi mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi pakhomo pawo. Anthu osowa fizi angapeze kuti ya pakhomo? Mwana yemwe laibulale akuifuna kwambiri ndi yemweyo adzabwerere pachitseko. A komitiwo auzeni nkhani imeneyi.

aMwale (Balaka):
Zoona aPhiri koma mlonda sadya nkhani ya Kamkwamba, tiwapatse amayiwa njira. Ife tinagawa zinthu pawiri. Kulowa, kukhala, kuwerenga, kubwereka buku, zonsezo ulele. Koma zomwe munthu wamkulu akanakalipira kale pa msika amalipira kwa ife: fotokope, kupulinta, kutayipa kalata yofunsira ntchito ndi CV, kutchaja foni. Aphunzitsi omwe akuchita maphunziro a ODL (ophunzira uli kwanu) ndi amene amatidyetsa kwambiri, ma asainimenti awo satha. Chenjezo langa ndi ili, tona (inki ya makina a fotokope ndi pulinta) ndi mapepala zimachokera kunja, kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ife tinapitiriza mtengo wakale pafupifupi miyezi itatu, tona itatha tinapeza ndalama yogulira ina sikukwana, makina anangokhala. Ndiye pa ndalama iliyonse yolowa muziyamba mwapatula ya tona, ya mapepala ndi yokonzetsera makina, yotsalayo ndiyo phindu, osati yonse yomwe ili mu kabokosi.

NaChisale (koleji, Lilongwe):
Ndiwonjezere pa za fotokope. Musasandutse laibulale malo ochulukitsira mabuku athunthu a silabasi nkumagulitsa, lamulo la Copyright la 2016 loteteza eni zolemba lilipo ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolemba ndi nyimbo, ndi omwe amapereka laisensi ya zimenezi. Ife osunga mabuku tikamabera olemba mabuku sizioneka bwino. Ma satifiketi, ma ID, mafomu, manotsi a mwini wake, apo palibe vuto.

NaBanda:
Makina a fotokope tilibe mayi, tili ndi kompyuta imodzi ndi kapulinta kakang'ono komwe bungwe lija linasiya. Ndiye tiyambira pati?

aMwale:
Yambani ndi zomwezo, kutayipa ndi kupulinta. Komanso chipinda muli nachotu. Loweruka mmawa ndi Lamulungu masana mumatseka eti? Magulu a banki mkhonde, makalabu a alimi, mabungwe ochititsa maphunziro onse amasaka malo a mipando ndi denga. Ife gulu limodzi la amayi limakumana sabata iliyonse, amalipira pamwezi, ndipo chomwe sindimayembekezera nchakuti amabwera ndi ana awo nde anawo anazolowera mabuku a zithunzi, pano amabwera okha.

aGama (Zomba):
Za denga, sola ndi mipando musavutike nazo ndi ndalama ya kupulinta, sizingakwane. Zimenezo ndi za CDF, thumba la boma la chitukuko cha mdera. Koma musathamangire kwa a MP nokha ngati mukupempha chithandizo cha maliro, nkhani iyambire ku VDC (komiti ya chitukuko ya mmudzi) ipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu) ilowe mu mapulani a khonsolo, a mfumu ndi a khansala akhale akuidziwa. Lembani pepala limodzi lokha, ana angati amabwera pa tsiku, ochokera sukulu ziti, chofunika nchani ndipo ndi ndalama zingati, ndi makoteshoni atatu. Kaundula wa olowa uja ambirife timamutenga ngati chintchito chabe koma pa msonkhano wa ADC ndi iyeyo amakuyankhulirani. Dziwaninso kuti zimachedwa ndipo malipiro a mlonda sangachokere kumeneko, ndi zomanga ndi zogula basi.

aJere (Johannesburg):
Ine ndinagwirako mu laibulale ya sukulu ndisanabwere kuno ku Joni. Anthu omwe anawerengera MSCE mchipinda chanucho ena ndi ma nesi, aphunzitsi, apolisi, ena tili kuno. Tsegulani gulu la WhatsApp la ana akale. Koma ndikuuzeni chomwe chimatitopetsa ife otumiza, timatumiza kenako zii, osamvanso kanthu, kubwera kumudzi nkupeza zinthu zili chimodzimodzi. Mukati "tithandizeni laibulale" anthu sagwira mthumba, koma mukati malipiro a mlonda mwezi uno ndi akuti, tasonkha mwakuti, kwatsala mwakuti, nkuponya chithunzi cha lisiti, anthu amapereka mwezi ndi mwezi. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale yanu amayi, tengani simu ya laibulale, msungichuma asunge foni, wina adziwe pini. Ndikutetezani inuyo, pamudzi sipachedwa kumveka kuti mayi a mabuku agula malata.

NaChisale:
Apo aJere mwanena. Komanso NaBanda lembelani a National Library Service, bungwe la boma loona za malaibulale, akhala alipo kuyambira 1968 ndipo amagwira ndi malaibulale a masukulu ndi a mmadera, mabuku a mphatso a bungwe la Book Aid International ochokera ku London ambiri amadzera kumeneko. Ndalama ya mlonda musayembekezere koma mukhale mkaundula wawo, maphunziro akapezeka akukumbukireni. Ndipo wina akakulonjezani makatoni a mabuku funsani kaye ndi mabuku anji, enafe tadzadza mashelefu ndi mabuku a malamulo a misonkho ya ku America omwe palibe anawatsegulapo, chikhalirecho thiransipoti tinalipira tokha. Nyuzi zakale gulitsani pa kilo kwa a tchipisi ndi a zitumbuwa, koma buku la chidindo cha mphatso ayi.

NaBanda:
Ndabwerako ku komiti. Poyamba kunali kovuta, a tcheya amati ulele ndi womwe watifikitsa apa, koma nditawerenga mayina a ana a mu kaundula anapezamo adzukulu awo awiri nde anafewa. Tagwirizana kuti pakhomo palibe kulipira, kupulinta ndi kutchaja tiyamba Lolemba, amayi a banki mkhonde avomera Loweruka, simu tagula ili ndi msungichuma, ndipo a gulupu alonjeza kukaitula nkhani ya sola ku ADC. Mlonda wavomera kudikira mpaka kutha kwa mwezi bola tizimupatsako kangachepe. Zikomo nonse. Chatsala ndi chiswe chija, mankhwala ndalama yake palibe pano.

aGama:
Lero lomwe sunthani shelefuyo ichoke ku khoma, miyendo yake ikhale pa njerwa zootcha, mabuku okhudzidwa muwagwedeze panja muwaike paokha. Kenako tumani anyamata a Fomu 4 aja atsate njira ya chiswecho kuseri kwa khoma, chulu chake sichikhala patali, akachikumbe mpaka apeze make.