Sitima imafika nthawi yake koma kontena ikuchedwa kutuluka padoko: tiyambire pati?

Wofunsa

Akuluakulu odziwa za katundu wa pamadzi, ndithandizeni nzeru. Kampani yoitanitsa katundu ikamalandira makontena 15 kapena 20 pamwezi, n'kumalipira demurrage ndi detention (ndalama za kuchedwa kwa kontena) pafupifupi mwezi uliwonse, vuto limakhala pati kwenikweni? Sitima zimafika bwinobwino, mwina kuchedwako pang'ono, koma masiku aulere amatha kontena isanatuluke pageti. Ena akuti mankhwala ake ndi kugula pulogalamu ya pakompyuta yolondolera makontena, ena akuti tisinthe ejenti wotitulutsira katundu padoko. Choyamba kukonza n'chiti, nanga tidzadziwa bwanji kuti zasinthadi?

Wapadoko

Pulogalamu iyambe yadikira. Ingokuonetsani kontena itakhala padoko, zomwe mukuzidziwa kale.

Yambani mwasiyanitsa ndalama zimene mukulipirazo, chifukwa iliyonse ili ndi gwero lake. Demurrage ndi ya kampani ya sitima, ya masiku amene kontena yodzaza yakhala m'doko kupitirira masiku aulere. Detention ndi ya masiku amene kontena ili kunja kwa doko, m'manja mwanu, musanaibweze yopanda kanthu. Palinso ndalama ya malo imene eni doko amalipiritsa paokha, ndipo masiku ake aulere amawerengedwa padera. Ambiri amaziphatikiza zonsezi m'buku limodzi, ndiye sadziwa kuti akutayira ndalama mbali iti.

Kenako tengani makontena 30 omaliza, iliyonse mzere wake, mulembe masiku awa: tsiku limene mapepala onse anafika kwa ejenti, tsiku lotsitsidwa m'sitima, tsiku lopereka chikalata kwa a kasitomu, tsiku limene a kasitomu anailola, tsiku la delivery order (chilolezo cha kampani ya sitima chotengera kontena), tsiku lotuluka pageti, ndi tsiku lobweza yopanda kanthu. Werengani mpata wa pakati pa tsiku ndi tsiku linzake. Avereji musaikhulupirire kwambiri, imabisa zinthu. Yang'anani makontena asanu amene anachedwetsetsa, popeza mtengo wa demurrage umakwera m'magawo, masiku oyamba otsikirapo, otsatira okwera, ndiye makontena ochepa ndi amene amadya ndalama zambiri.

Muonenso mgwirizano wanu: masiku aulere akuyamba kuwerengedwa liti, ndipo Loweruka, Lamlungu ndi maholide akulowamo kapena ayi. Makampani ambiri a sitima amawerenga masiku onse a pakalendala.

Wamapepala

Zimene anena a Wapadoko n'zoona, ndipo mukadzaza tebulolo mudzapeza kawirikawiri kuti mpata waukulu uli poyambirira penipeni: mapepala amafika kwa ejenti kontena itatsitsidwa kale. Zikatero kusintha ejenti n'kungosamutsa vuto.

Nthawi yaulendo wa sitima ndiyo nthawi yogwirira ntchito ya mapepala. Muziwerenga chobwerera kuchokera pa tsiku limene sitima ikuyembekezeka kufika. Mwachitsanzo, masiku 10 isanafike, invoisi, packing list (mndandanda wa zimene zapakidwa), bill of lading (chikalata cha kampani ya sitima chosonyeza katundu amene yanyamula), satifiketi ya kumene katundu wachokera ndi zilolezo zonse zikhale kwa ejenti. Masiku 5 isanafike, chikalata cha kasitomu chikhale chitaperekedwa, ndalama za msonkho ndi za kampani ya sitima zitavomerezedwa kale kuofesi ya zachuma. Ulendo ukakhala waufupi muchepetse masikuwo, chachikulu n'chakuti aliyense adziwe tsiku lake. Mgwirizano wofewetsa malonda wa WTO, bungwe la zamalonda la padziko lonse, umene unayamba kugwira ntchito mu February 2017, umafuna kuti mayiko azilola kuyamba kukonza mapepala katundu asanafike, choncho funsani ejenti ngati njirayi akuigwiritsa ntchito. Ena saigwiritsa ntchito chifukwa choti palibe anawapatsapo mapepala nthawi ilipo.

Chachiwiri ndi kusagwirizana kwa mapepala. Invoisi ikuti makatoni 840, bill of lading ikuti 804. Kulemera kwasiyana, kapena dzina la katundu lalembedwa mwachisawawa moti siligwirizana ndi HS code, nambala imene a kasitomu amazindikirira mtundu wa katundu. Manambala 6 oyamba a HS code ndi ofanana m'mayiko onse amene amatsata dongosololi, otsatirawo dziko lililonse limawonjezera ake, ndiye musangokopera nambala yonse ya wogulitsa. Cholakwa chikagwidwa pa bill of lading yoyeserera, sitima isananyamuke, kukonza kwake ndi imelo imodzi. Chikagwidwa manifesiti (mndandanda wa katundu yense wa m'sitima) itaperekedwa kale kwa a kasitomu, pamakhala ndalama yosinthira, ndi masiku odikira chilolezo. Choncho pakhale munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, amene amayerekeza chikalata choyeseracho ndi invoisi komanso packing list tsiku lomwelo chafika.

Gwero la zolakwa zambiri ndi kulemba chinthu chimodzi kanayi: pa oda, pa booking (kusungitsa malo m'sitima), pa malangizo a bill of lading, ndi pa chikalata cha kasitomu. Lembani kamodzi, kwinako muzikopera. Nambala ya kontena ili ndi zilembo 4 ndi manambala 7, ndipo nambala yomalizayo imawerengedwa kuchokera ku zinazo motsatira ISO 6346. Fomula yake mutha kuiika mu Excel, iziwonetsa zofiira wina akalakwitsa potaipa.

Chachitatu ndi bill of lading yapepala. Popanda kuipereka, delivery order situluka. Ngati mukulipira kudzera pa letter of credit (kalata ya banki yolonjeza kulipira wogulitsa akapereka mapepala), malamulo ake otchedwa UCP 600 amapatsa wogulitsa mpaka masiku 21 kuchokera tsiku lokweza katundu kuti apereke mapepala kubanki, pokhapokha kalatayo itanena zina, ndipo banki iliyonse yoyenera kuwaunika ili ndi masiku 5 ogwira ntchito. Paulendo wa milungu iwiri sitima imawapitirira mapepalawo. Chepetsani masiku 21 aja polemba kalatayo. Kumene mwalipira kale kapena mumakhulupirirana, pemphani telex release kapena sea waybill, njira zotulutsira katundu popanda kudikira bill of lading yapepala. Bill of lading ya pakompyuta ikubwera, makampani akuluakulu a sitima a m'bungwe la DCSA analonjeza mu 2023 kuti pofika 2030 zonse zidzakhala zotero, koma imagwira pokhapokha banki, wogulitsa ndi inu nonse mwaivomera.

Wofunsa

Zikomo nonse. Nanga ngati katundu amagulidwa pa CIF (wogulitsa amalipira zonyamulira ndi inshulansi mpaka doko lofikira), wosankha sitima ndi wogulitsa, ndipo mapepala amatumiza nthawi imene wafuna, wogula angachitepo chiyani?

Wamagulidwe

Pamenepo ndiye pagona nkhani. Pa CIF wogulitsa amakambirana ndi kampani ya sitima mtengo wonyamulira, umene amalipira iyeyo. Masiku aulere a kudoko lofikira samukhudza, chifukwa demurrage idzagwera inu. Atha kutenga mtengo wotsika wokhala ndi masiku aulere ochepa, inu n'kudzabweza kusiyanako kangapo.

Njira zilipo ziwiri. Mukakhalabe pa CIF, lembani mu oda masiku aulere amene mukufuna, ndipo alembedwenso pa bill of lading kapena pa chitsimikizo cha booking. Lonjezo la pafoni silithandiza invoisi ikabwera. Lembaninso tsiku lomaliza lotumizira makope a mapepala, monga masiku 3 sitima itanyamuka, ndi kuti demurrage yobwera chifukwa cha kuchedwa kwa mapepala ndi ya wogulitsa. Apo ayi, tengani ulendowo m'manja mwanu. Makontena 20 pamwezi ndi okwanira kukambirana masiku owonjezera, makamaka demurrage ndi detention zophatikizidwa kukhala chiwerengero chimodzi. Pa katundu wa m'kontena, Incoterms 2020, malamulo ogawa udindo pakati pa wogula ndi wogulitsa, imalangiza FCA (udindo wa wogulitsa umatha akapereka katundu kwa wonyamula) m'malo mwa FOB (umatha katundu akakwezedwa m'sitima), chifukwa wogulitsa amasiya kontena padoko masiku angapo isanakwezedwe m'sitima.

Mukatero mwasenzanso ntchito ya kudoko lonyamukira. Booking iliyonse ili ndi nthawi zotsekera zosiyana: yolowetsa kontena, yotumiza malangizo a bill of lading, ndi ya VGM, kulemera kotsimikizika kwa kontena. Kuyambira pa 1 July 2016, malamulo a chitetezo cha panyanja a SOLAS salola kukweza kontena yopanda kulemera kotsimikizika. Mwina imayezedwa yonse itatsekedwa, mwina mumaphatikiza kulemera kwa katundu, mapaleti ndi zotchingira ndi kulemera kwa kontena yopanda kanthu kolembedwa pachitseko. Mukaphonya imodzi mwa nthawi zotsekerazi, kontena imatsalira kudikira sitima yotsatira, kawirikawiri sabata yathunthu.

A Wamapepala, pa sea waybill ndiwonjezereko: si chikalata chogwirira katundu. Wolembedwapo amatenga katundu pongodzizindikiritsa, ndiye wogulitsa amene sanalandire ndalama sangaivomere, ndipo banki nayo kawirikawiri imafuna bill of lading.

Wamalole

Mbali ya detention musaiiwale. Lole isungitsidwe delivery order isanatuluke, ndipo kosungira katundu adziwe tsiku ndi ola, pakhale anthu ndi forklift. Musananyamuke ndi kontena yopanda kanthu, tsimikizani depoti imene ikulandira tsiku limenelo, chifukwa ikadzaza amakubwezani pageti masiku akuwerengedwabe. Dalaivala ajambule mbali zonse za kontena ndi nambala ya siilo potenga, ajambulenso mkati pobweza, ndipo asunge EIR zonse ziwiri, mapepala amene amapatsidwa pageti potenga ndi pobweza kontena. Tsiku la pa EIR yobwezera ndilo umboni wanu invoisi ikabwera ndi masiku owonjezera.

Wapadoko

Pa funso lanu lija loti mudzadziwa bwanji kuti zasinthadi, a Wofunsa: tebulo lomwelo lipitirire. Mwezi uliwonse muone makontena angati mapepala ake anakwanira sitima isanafike, ndi angati anatuluka komanso kubwezedwa m'masiku aulere. Muwonjezere danga la tsiku lomaliza laulere, wina azilitsegula m'mawa uliwonse. Za pulogalamu mudzaziganize pamene kutaipa masiku a kutsitsidwa ndi kutuluka pageti kwayamba kudya theka la tsiku la munthu, ndipo musankhe imene imakoka masikuwo yokha kuchokera ku makampani a sitima amene mumagwiritsa ntchito.